Siling'i za Mayi Tinenenji

Mukafika ku Bvumbwe n'kufunsa za timagalimoto ta malata, anthu akulozerani kwa a Reinford Namakhwa, amene amayala katundu wawo kupitirira amayi ogulitsa kabichi ndi mbatatesi. Timagalimoto tawo si tokoka ndi chingwe. Kalikonse amakapanga motsatira galimoto yeniyeni, ndipo mita imodzi ya galimotoyo imasanduka masentimita asanu pa kagalimotoko. Zitseko zimatseguka, chiwongolero chimazungulira. Koma mukatola kamodzi n'kumayamikira utoto wake, a Reinford amakuuzani kuti, "Tsegulani chitseko, muyang'ane m'mwamba. Umo ndi mwa achemwali anga."

Achemwali awowo ndi a Tinenenji Muhiwa, mayi wamfupi, wamanja okhakhala, amene amakhala kwa Nchilamwela m'nyumba yoyang'anizana ndi minda ya tiyi. Ku Bvumbwe amapitako mwa apo ndi apo. Ntchito yawo ndi imodzi yokha: kusoka siling'i, nsalu ija imakuta kunsi kwa denga la galimoto.

Anabadwa mu 1966 m'malayini, nyumba za antchito a pa esiteti ina ya tiyi ya kufupi ndi Khonjeni. Agogo awo anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki, ndipo mpaka lero a Tinenenji akapsa mtima amayamba ndi Chilomwe, Chichewa n'kumabwera pambuyo. Sukulu analekezera Sitandade 5. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anabereka dengu n'kuyamba kutchola tiyi, ndipo kumeneko ndi kumene anakumana ndi a Phillip Muhiwa, amene ankagwira ntchito m'fakitale, mbali youmitsira masamba. Anatchola zaka khumi ndi chimodzi, mpaka msana unakana. Akapitawo, powamvera chisoni, anawapempherera malo m'kachipinda kosokera maapuloni a otchola tiyi, kamene kanali kumbuyo kwa galaja.

M'kachipindamo munali a Jonas, mkulu wa ku Mulanje wosakonda kulankhula, amene ankasoka mipando ya magalimoto a kampani ndi kukonza malona a malole. Miyezi itatu yoyamba a Jonas sananene china kupatula moni. Tsiku lina anatola apuloni yomwe a Tinenenji anali atangomaliza, n'kuitembenuza kuti aone msoko wa kuseri.

"Anakuphunzitsani ndani kusoka?"

"Palibe, bambo. Ndinkangoonera amayi."

"Mawa musakhudze maapuloni. Mudzandigwirire nsalu."

Nsaluyo inali siling'i ya galimoto ya amanijala. A Jonas anawaonetsa momwe amasokera timatumba topingasa kuseri kwa nsalu, momwe amalowetsera m'timatumbamo tizitsulo tokhota ngati nthiti, ndi momwe nthitizo zimakolera m'mbali mwa denga. Kenako ankayamba kukoka nsalu kuchokera pakati kupita kumapeto, pang'onopang'ono, mpaka itakungika ngati ng'oma.

"Mpando ukakhota msoko, munthu amaukhalira, saona," anatero a Jonas. "Koma siling'i ikakwinyika, wokwera amakuseka ulendo wonse."

A Jonas atapuma ntchito, a Tinenenji ndi amene anatsala pamakina aja. Amakaniko poyamba ankaseka kuona mzimayi atagona chagada m'galimoto, singano ali nayo kukamwa, koma kuseka kunatha ataona kuti madalaivala a maesiteti oyandikana nawo ayamba kubweretsa magalimoto awo. Zaka zimenezo a Tinenenji amazikumbukira bwino, ngakhale kuti mkati mwake ndi momwe anataya amuna awo, mu 2007. Patangopita zaka ziwiri kampani inatseka kachipinda kosokerako, n'kuyamba kutumiza magalimoto ku Limbe. A Tinenenji anasamukira kwa Nchilamwela, n'kumalima nandolo ndi chinangwa, n'kumasokera anthu mayunifolomu pa makina apamanja.

Mlongo wawo wamng'ono, a Reinford, anali mmisiri wa zidebe ndi mbaula. Za timagalimoto anayamba mongocheza, koma anthu odutsa pamsewu wa Limbe atayamba kuima, zidebe anazisiya. Mu 2015, Lamlungu lina masana, anafika kwa achemwali awo atanyamula kalole kobiriwira konyamulira tiyi, n'kukaika pamphasa mwamatama.

A Tinenenji anakayamikira ndithu. Matayala anali bwino, nambala inalembedwa bwino. Kenako, mwachizolowezi cha ntchito yawo yakale, anakapendeketsa n'kusuzumira m'mwamba. Anaona malata osapenta, madontho a mtovu wowotcherera, ndi zilembo za chitini cha mafuta ophikira zitaima chadodolido.

"Achimwene, galimoto yanuyi mwaiveka jekete, koma mkati ili maliseche."

"Amayang'ana m'menemo ndani, achemwali?"

"Ine ndayang'anamo."

A Reinford anaseka, koma pochoka kaloleko anakasiya. Patatha sabata anakapeza kali ndi siling'i yotuwa, yomatidwa ndi guluu, ndi tizotchingira dzuwa tiwiri todulidwa ku kolala ya shati yakale. Aphunzitsi ena a ku mishoni anakagula tsiku lomwelo kanafika pamsika, ndipo kuyambira pamenepo a Reinford ankatumiza timagalimoto pa kabaza kuti achemwali awo akatimalize.

Zinayenda bwino mpaka mwezi wa Juni, pamene chiperoni chinagwa masiku asanu ndi anayi osalekeza. Zofunda zinkanyowa zili m'nyumba. Aphunzitsi aja anabwerera ku Bvumbwe ndi kalole kawo, nsalu ya kudenga italendewera mpaka pampando. Sanakalipe. Anangofunsa ngati zingatheke kukonza. A Reinford atabweretsa kaloleko, a Tinenenji anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anatulutsa nsaluyo ndi zala ziwiri n'kuiponya pamoto.  Chimene chinkawapweteka n'chakuti ankadziwa kale. Pazaka zonse za ku galaja sanamatepo siling'i ndi guluu, chifukwa a Jonas ankati guluu ndi chinyezi cha ku Thyolo sizimvana. Anangochita ulesi chifukwa galimotoyo inali yaing'ono.

Anaganiza zoti azisoka monga mwa galimoto yeniyeni. Anapita kwa wokonza njinga za kabaza n'kupempha nthambo zakutha za mabuleki. Atazipotolola anapeza timawaya tosalala, tolimba, tokhota bwino, ndipo timeneto tinakhala nthiti. Nsalu yopyapyala anaipeza mkati mwa majekete a pakaunjika. Popeza inali yoyera kwambiri, ankaiviika m'tiyi wopanda mkaka: kamodzi ikakhala galimoto yatsopano, katatu ikakhala yakale. Kanyale ka kudenga ankadula ku mapepala owala aja amasungiramo mapiritsi. Vuto linali limodzi. Dzanja lawo silikanatha kulowa pa kachitseko n'kukoleka nthiti zija. Denga linkafunika kubwera palokha, iwo asoke, kenako livundikiridwe popanda moto, poti moto ukanapsereza nsalu.

A Reinford anakana. "Ine denga ndimawotcherera. Mukufuna ndisinthe ntchito yanga yonse chifukwa cha kansalu?"

"Ndiye muzigulitsa zamaliseche zomwezo. Dzina langa lisamvekeko."

"Achemwali, anthu amagula galimoto, sagula siling'i."

Apa a Tinenenji anayankha m'Chilomwe, ndipo a Reinford anakwera njinga osatsanzika. Panapita masabata atatu kabaza osabwera. Sabata lachinayi a Reinford anafika okha, n'kupereka moni ngati palibe chinachitika, n'kupisa m'thumba la shati. Anatulutsa kadenga ka malata kokhala ndi timakutu tisanu ndi kamodzi m'mbali, topinda ndi pulayala, ndi timabowo tolowetsamo nthiti.

"Tayesani aka," anatero, maso ali kumbali.

Kanakwana. Kuyambira tsiku limenelo palibe siling'i ya a Tinenenji imene inagwapo.

Ntchito imene anthu a kumeneko amaikamba kwambiri inabwera mu 2022. M'mawa wina kunafika a Emma, anamwino a pachipatala chaching'ono cha esiteti ija. Anati a Goodson, amene anayendetsa ambulansi ya esiteti zaka makumi atatu, anali atapuma ntchito, ndipo maso awo anali atachita ng'ala. Amayi amene a Goodson anawathamangitsirapo ku chipatala chachikulu anagwirizana zowapatsa mphatso, ndipo ankafuna kagalimoto kofanana ndi ambulansi yakale ija. Ambulansiyo inali itagulitsidwa kalekale kwa ogula zitsulo. Chomwe chinatsala chinali chithunzi chimodzi, chojambulidwa kunja.

"Za kunja a Reinford athana nazo," anatero a Emma. "Koma za mkati palibe chithunzi, amayi. Mwina mungongoika nsalu yoyera."

"Chithunzi sichikufunika," anayankha a Tinenenji. "Siling'i imene ija ndinasoka ndine, chaka cha 2001. Nthiti zinali zisanu. Pakati panali ngowe yokolekapo dilipi."

A Emma anafotokozera amayi aja, ndipo Lamlungu lotsatira atatu a iwo anabwera kudzaona mmisiriyo. Mmodzi anali Triza, mayi wa ana anayi, wotchola tiyi, wolankhula mosapsatira.

"Chigamba chija muikepo," anatero Triza.

A Tinenenji anachita ngati sanamve. Chigambacho ankachidziwa. Chitsulo cha machira chinang'amba siling'i chakumbuyo, ndipo tsikulo ulusi woyera unali utatha m'sitolo ya kampani, choncho anasoka ndi wabuluu wa maapuloni. Ankati adzasintha, koma ambulansi sinkapuma, ndipo chigamba chinakhala choncho mpaka mapeto. Pantchito zawo zonse, chimenecho ndi chomwe ankachita nacho manyazi.

"Mphatso siikhala ndi chigamba, mwana wanga."

"Amayi, ine pa mwana wanga woyamba msewu unali woterera, tinayenda maola awiri. Sindinaone a Goodson, sindinaone msewu. Ndinkangoona chigamba chimenecho. Ndinawerenga misoko yake kuti ndisakuwe. Inalipo makumi anayi ndi iwiri. Ndikamaliza ndinkayambiranso. Mukachisiya, imeneyo si ambulansi yathu."

Amayi enawo anavomereza. Wina anati iyenso ankachiyang'ana, koma sanaganize zowerenga.

Alendowo atapita, a Tinenenji anakhala pakhonde osagwira kanthu. Iwonso anakwerapo ambulansi imeneyo kamodzi, tsiku limene a Phillip anakomoka ku fakitale. Anakhala pambali pa machira atagwira dzanja la amuna awo. Chapakati panjira a Phillip anatsegula maso, n'kuyang'ana kudenga nthawi yaitali, n'kunena motsitsa kuti, "Mayi a ana, apa munasoka ndi ulusi wa maapuloni." A Tinenenji anaseka misozi ili m'maso, n'kulonjeza kuti adzakonza. A Phillip anamwalira patapita masiku awiri. Nkhani imeneyi anali asanauzepo munthu, ngakhale ana awo.

Kadenga ka ambulansi kanabwera kuchokera ku Bvumbwe, koma kanakhala pawindo sabata yathunthu. Ankapita kumunda, kubwerako, kukayang'ana, n'kukasiya. A Reinford atabwera kudzafunsa, anawauza zonse. Mlongo wawoyo anavula chipewa.

"Ngati n'zolemera, achemwali, tiwauze a Emma. Amvetsa."

"Ayi. Ndisoka. Mungondipatsa masiku."

Anayamba Lolemba m'mawa, atakhala pakhonde pomwe kuwala kumafika bwino. Nsalu anaiviika m'tiyi kanayi. Anapinda nthiti zisanu, n'kusoka timatumba take. Ngowe ya dilipi anaipanga ndi kapini kophanira malaya. Chigamba ndiye chinawavuta, poti pamuyeso wa a Reinford chinkangokula ngati chikhadabo cha chala chaching'ono. Ulusi wamba unkaoneka ngati chingwe. Anasolola kaulusi kamodzi ku chitenje chabuluu, n'kukagawa pawiri, n'kusankha singano yaing'ono kuposa zonse, yomwe anainolanso pamwala. Ulendo woyamba misoko inakwana makumi awiri ndi isanu ndi umodzi, malo n'kutha. Wachiwiri nsalu inang'ambika. Wachitatu anasokoneza chiwerengero nkhuku italumphira pamphasa. Wachinayi, Lachisanu dzuwa lisanapendeke, anafika pa makumi anayi ndi iwiri, n'kumanga mfundo. Anapukuta m'maso, n'kulongedza zipangizo kuti akonzekere Sabata.

Panatsala chinthu chimodzi chomwe sanauze aliyense. Lamlungu anatenga lumo n'kupala pang'ono nsalu ya kudenga, pamwamba pa mpando wa dalaivala, n'kudetsapo ndi kadontho ka mafuta a makina.

Mwambo unachitikira panja pa chipatala cha esiteti, pansi pa mitengo ya bulugamu. Kunabwera amayi oposa makumi asanu, ena ndi ana amene tsopano anali aatali kuposa iwo. A Goodson anafika atavala jekete ndi chipewa chawo chakale, mkazi wawo atawagwira pamkono. A Emma atalankhula, anaika kagalimotoko m'manja mwawo.

A Goodson anakayandikitsa kumaso, koma ankangoona choyera. Ndiye anayamba kukapapasa. Anapeza tayala lapadera pa boneti, anapeza makwerero akumbuyo, n'kumagwedeza mutu. Kenako anatsegula zitseko zakumbuyo n'kulowetsa chala, n'kuchiyendetsa kudenga.

"Imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu. Kodi sizinali zisanu ndi imodzi?"

"Zinali zisanu, bambo," anayankha a Tinenenji ali pakati pa anthu. "Inu munkayang'ana msewu."

Anthu anaseka, a Goodson nawonso. Anatsegula chitseko cha dalaivala n'kulowetsamo chala chaching'ono. Chitafika pamalo popalidwa paja chinaima. Anapapasanso kachiwiri.

"Apa m'pomwe chipewa changa chinkakhuza," anatero motsitsa mawu. "Anakuuzani ndani?"

"Palibe. Ndinkachapapo kawiri pachaka, koma sipankayera."

A Goodson anakumbatira kagalimotoko pachifuwa, ndipo mkazi wawo anawapatsa kampango.

Atapuma, a Goodson analola kuti amayi aone. A Emma anabweretsa kagalasi kakang'ono n'kukagoneka pansi mkati mwa kagalimotoko, kuti denga lizioneka popanda kukatembenuza. Amayi anandanda pamzere ngati tsiku la sikelo. Aliyense ankawerama, kuyang'ana, n'kudzuka ndi nkhani yake: wina za tsiku lomwe mlatho unasefukira, wina za mapasa amene anabadwira pachipata. Triza anawerama nthawi yaitali kuposa onse, milomo ikugwedera.

"Yakwana," anatero podzuka. "Makumi anayi ndi iwiri."

A Emma anapempha kuti mmisiri aime anthu amuone. A Reinford, amene anali kutsogolo, sanadzuke. Anatembenuka n'kuloza achemwali awo.

"Ine ndinangokhoma malata. Imani, achemwali."

A Tinenenji anaima, atavala chitenje chawo cha ku Dorika, gulu la amayi a kutchalitchi, manja atawapinda kutsogolo. Amayi analuluta. Iwo sanayang'ane pansi monga amachitira masiku onse akayamikiridwa. Anayang'ana anthuwo mmodzimmodzi, ambiri a iwo ana a anzawo omwe ankatchola nawo tiyi, ndipo anaima mpaka nthungululu zitatha zokha. Pobwerera anakana kabaza. Anayenda wapansi kudutsa m'minda ya tiyi, ndipo podutsa pa galaja yakale anaima pang'ono kuyang'ana kachipinda kaja, komwe tsopano amasungiramo feteleza, kenako anapitiriza ulendo.

Achipatala anapempha kuti kagalimotoko kazikhala pa shelefu m'chipinda chodikirira, koma a Goodson anakana. Kali kunyumba kwawo, pamwamba pa kabati, ndipo amene akufuna kukaona amayamba wasamba m'manja.

Lero a Tinenenji ali ndi zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi. Amavala magalasi awiri, ena pamwamba pa anzake, ndipo amasoka m'mawa mokha. Pa mwezi amamaliza siling'i zinayi, mwina zisanu, ndipo a Reinford anasiya kuwafulumizitsa. Oitanitsa ena amachokera ku Blantyre ndi ku Zomba atanyamula zithunzi za magalimoto a makolo awo, ndipo a Tinenenji amawafunsa mafunso omwe eni akewo sanawaganizirepo: ngati bambo awo ankasuta, ngati kanyale kankayaka, ngati ana ankakonda kukanda kudenga.

Chaka chatha bambo wina wa ku Limbe, mwini maminibasi, anaitanitsa kaminibasi koti aziika pa tebulo la mu ofesi yake. Anati mkati mukhale mokongola. A Tinenenji anali asanasokepo minibasi, choncho anakwera kupita ku Bvumbwe, n'kuima pa siteji, n'kusuzumira m'maminibasi asanu ndi awiri, makondakitala akudabwa. Atabwerera anasoka siling'i yong'ambika pakona, siponji ikusuzumira, ndi kawaya ka sipika kakulendewera.

A Reinford atakaona anagwira kumutu. "Achemwali, munthu uja anati mokongola."

"Ndayang'ana asanu ndi awiri, achimwene, ndipo awiri anali ake omwe. Mukufuna ndisoke bodza?"

Bamboyo atabwera anasuzumira mkati, kenako anaseka mpaka kutsamira galimoto yake. Anatenga kaminibasiko momwemo, ndipo asananyamuke anafunsa ngati mayiwo angavomere kukonza siling'i za maminibasi ake enieni. A Reinford anakapereka uthengawo kwa Nchilamwela. A Tinenenji anati msana sungawalolenso kugona chagada m'galimoto, koma ngati bamboyo ali ndi telala wake, amutumize Lachiwiri m'mawa, abwere ndi nsalu ndi tepi yoyezera.